Zokongoletsa Zopanda Msomali

Tsiku limene ankanyamuka kupita kunja kwa dziko, bambo ake anamugwira dzanja pakhomo. Chikhatho chawo chinkanunkha utuchi, poti anali kalipentala.

"Pita, mwanawe. Koma ndikadzakalamba usadzandipereke m'manja mwa anthu achilendo. Nyumba ino ndinamanga ndekha, ndidzafere momwemuno."

"Simudzachoka muno, ababa. Ndalonjeza."

Nthawi imeneyo anali mtsikana. Tsopano imvi zinali mbuu, ndipo ana a mchimwene wake ankamutcha Azakhali a Ndege. Kunjako utsikana wake wonse unathera m'nyumba zosungiramo okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni. Fungo la malo amenewo ankalidziwa. Ankadziwanso mmene nkhalamba zimayang'anitsitsira chitseko Lamlungu masana, osalowa munthu.

Atamva kuti bambo afa ziwalo mbali imodzi, anasiya zonse n'kubwerera. Kwawo anakupeza, koma sikunali kuja. Mtengo wa pabwalo unali utadulidwa, pamene ankadumphira chingwe panali mpanda wautali, ndipo mawindo onse anali ndi zitsulo ngati kupolisi. M'nyumbamo munadzaza mchimwene wake, mlamu ndi ana atatu. Azakhaliwo ankagona pansi m'chipinda cha bambo, kuwatembenuza, kuwasintha zofunda, kuwapukuta dovu. Miyezi inkatha osaponda ngakhale kumsika. Kenako chifuwa chinawagwira bambowo, n'kuwagoneka m'chipatala. Adokotala anati awatulutsa Lamlungu.

Loweruka mvula inakana kukata. Azakhali anasonkhanitsa ana patebulo la pabalaza, n'kuyalapo nyuzipepala zakale, makatoni a mazira, zitsekerero za mabotolo ndi ulusi. Guluu anaphika yekha, fulawa pang'ono ndi madzi.

"Lero tiwakonzera agogo zoti aziona akagona chagada," anatero. "Munthu wogona amatopa ndi denga."

Anyamata awiri amapasa anayamba unyolo wa mapepala, akulimbirana sizasi. Mlongo wawo wamkulu, yemwe pakhomopo ankamutcha Mafunso, ankadula makatoni a mazira kupanga maluwa. Zitsekerero anaziboola n'kuzitunga pa ulusi kuti zizilira kukawomba kamphepo. Chithunzi cha banja anachipangira felemu ya katoni, m'mphepete n'kumatamo timitengo ta machesi.

"Tiikemo galasi, azakhali," anatero Mafunso. "Kuseri kuli lophwanyika lija."

"Galasi ayi. Phini ayi. Msomali ayi. Chilichonse chizimangidwa ndi ulusi kumutu kwa bedi."

Mafunso anayang'ana khoma. Paliponse panali misomali imene agogo anakhoma okha: wa chipewa, wa kalendala, wa makiyi, ndi ina yosadziwika ntchito.

"M'nyumba ya kalipentala mukuletsa msomali? Kunja kuja ndiye kunakuphunzitsani zimenezi?"

"Kunandiphunzitsa zambiri. Tembenuza duwalo, ulembe dzina la agogo kumbuyo. Chilichonse mulembe dzina."

"Abe ndani? Amapasawa?"

"Wakuba ndiwe!" anakuwa mmodzi wa anyamatawo, guluu ali pamphuno. "Shuga uja anatha bwanji?"

Mlamu anasuzumira kuchokera kukhitchini, akupukuta manja.

"Eee, fakitale yatsegulidwa! Fulawa wangayo muzindisiyirako. Alamu, matiresi aja muyanika liti? Mawatu ntchito yanu ikuyambiranso. Ine msana wanga mumaudziwa."

"Ndimaudziwa, alamu. Umapola tsiku la ukwati wa anzanu lokha."

"Lankhulani, lankhulani. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ine sindinalonjeze munthu."

Azakhali anayang'ana mvula ikutsetsereka pa zitsulo za windo. Anaganiza za thupi lolemera la bambo ake, za maso awo amene ankamutsatira paliponse m'chipindamo, za zaka zimene adokotala anati zikhoza kukhala zambiri ndithu poti mtima wawo ndi wa mnyamata. Anaganiza za kachipinda kake kunja kuja, kozizira, kopanda womuitana usiku. Kale ankalira nako kachipindako. Tsopano ankakalota.

Unyolo unatalika mpaka kufika pakhomo. Azakhali anaudula pakati.

"Watalikitsa. Ukhale wokwana m'bokosi la nsapato ili."

Amapasa anadandaula, koma anamvera. Mafunso anafuna kuthamangira kuchipinda kukapachika maluwa ake, azakhali n'kumugwira phewa.

"Aume kaye. Mawa ndipita nazo, agogo akayambe kuziona ali konko."

M'mawa mwake kunacha bwino. Azakhali anavala, n'kunyamula bokosi lija ndi chikwama cha zovala za bambo. Mlamu anayanika yekha matiresi, akung'ung'udza. Ana anasesa chipinda cha agogo mpaka pansi pa bedi, kenako n'kukhala pawindo, zipumi zili pa zitsulo, kudikira galimoto.

Dzuwa litapendeka, geti linatseguka. Azakhali analowa okha, manja ali lende, n'kupitirira kukakhala pa bedi lopanda matiresi.

Bambo aja anatulukadi m'chipatala tsiku limenelo. Anakagona kunyumba yosungiramo okalamba, m'chipinda cha nkhalamba zisanu, ndipo amene anawapereka m'manja mwa anamwino a kumeneko anali mwana wawo wamkazi.