Nkhaka ya M'nsapato

Lipenga linalira Hogila akuthirira nkhaka yake kuseri kwa hema. Mtambo wa Mulungu unali utanyamukanso, ndiye kuti ulendo.

"Aaa! Yangomera dzulodzuloli!" anakalipa.

Inali mbewu yomaliza mwa zimene malemu mayi ake anachoka nazo ku Ejipito. Zinazo anazisiya m'chipululu zisanabereke.

"Amake Noa, zulani zikhomo," anatero mwamuna wake, Pagiyeli. "Kutsogoloku kuli mkaka ndi uchi."

"Munalawako inu? Vulani nsapato imodzi."

"Mwati chiyani?"

"Paja mumadzitama kuti sizikutha. Vulani!"

Hogila anakumba kambewuko ndi dothi lake lomwe, n'kukamangirira m'nsapatomo. Khamu litanyamuka, Pagiyeli anatsalira m'mbuyo, akudumphadumpha pamchenga wotentha.

"Fulumirani bambo," anakuwa Hogila osacheuka, "uchi ungakuthereni!"