Chipewa cha Ba Sanford

Panali bwana wina pa boma la Chongwe, dzina lake Ba Sanford. Nkhaniyi ndi yoona anzanga, amene anandiuza anali pomwepo, foni ili m'manja.

Bamboyu anali ndi kakampani kopanga mapulogalamu a pa foni, kuseri kwa msika. Antchito anali anayi okha, anthu ophunzira bwino. Ankapanga pulogalamu yotumizira alimi mameseji: tsiku lobzala, tsiku lothira feteleza, za mbozi m'chimanga. Mwini wakeyo kompyuta ankangoidziwa poyatsira, koma pakamwa, mayo ine!

Mu ofesimo munali chipewa cha mlaza chong'ambika, cholembedwa kuti MBULI. Aliyense wonena kuti pulogalamu yalakwika penapake, Ba Sanford ankamuveka chipewacho tsiku lonse, n'kumujambula, n'kuika chithunzi pa gulu la Watsapu la kampani. Ndiye ndani angayankhulenso? Munthu akaona cholakwika ankangoyang'ana kumbali.

Tsono ntchito imeneyi ili ndi kachitidwe kake. Asanatumizire alimi enieni, amayamba ayesa ndi mameseji abodza pa mafoni awo okha. Mmodzi wa antchitowo, Chomba, poti mtima unali utawawa, ankalemba m'mameseji oyeserawo mawu enieni amene bwana wakalipa tsikulo. Anzake akawerenga ankasekera m'manja. Kuseka kwa mu ofesi imeneyo kunali komweko basi.

Litatsala tsiku limodzi kuti akaonetse pulogalamu ndi kusainirana pangano ndi gulu la alimi a ku Kanakantapa, Fridah, amene ankayang'anira zoyesazi, anaona kuti mameseji abodza aja akadali m'kati mwa pulogalamu. Analimba mtima.

"Ba Bosi, nipempha tisinthe tsiku. Muli zinthu zamene sitinachotse."

"Iwe Fridah, wayamba futi? Wachisowa chipewa?"

"Awe Ba Bosi, mvelani chabe..."

"Nimvele iwe? Vala!"

Anavala. Mayi wa ana awiri, tsiku lonse MBULI pamutu, chithunzi pa gulu. Atamuona anzake aja, nawonso anatseka pakamwa.

M'mawa mwake alimi anadzaza pansi pa mitengo ya mango, ena abwera pa njinga, ena asiya dimba osathirira. Ba Sanford anafika mu suti, nsapato waliwali. Paja anali atalamula kuti meseji iliyonse izitha ndi dzina lake.

"Manje onse gwirani mafoni, muone chitukuko!"

Anadina batani. Mafoni analira ponseponse. Aliyense anayang'ana foni yake.

Wapampando wa gululo, Amai Dainess, anavala magalasi awo n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono:

"Alimi ba ku Kanakantapa ni mbuli. Olo uwatumizile zinyalala, bazaomba m'manja. Ine wanu, Sanford."

Anavula magalasi.

"Ba Sanford, aya ni mau yanu?"

"Amai, ni makina yalakwitsa..."

"Makina yanationa kuti ise? Nafunsa, munakamba kapena simunakambe?"

Bambo uja kukana kunamukanika, poti antchito onse anayi amene anamumva akunena mawuwo anali chilili pambali pake. Anatembenukira Fridah.

"Iwe, n'chifukwa chiyani sunaniuze?"

"Ninakuuzani dzulo, Ba Bosi. Chithunzi chili pa gulu."

Palibe anatukwana, palibe anaponya mwala. Bola akanatukwana! Amai Dainess anangopinda pepala la pangano lija osasaina, n'kulisiya pa tebulo.

"Tiyeni mbuli zinzanga, chimanga chitiyembekeza."

Ananyamuka onse mwakachetechete. Ngakhale mabanzi ndi zakumwa zimene bwana anagula palibe anazikhudza.

Lolemba Ba Sanford anafika ku ofesi molawirira, ati akakalipe. Anapeza mipando inayi ilibe anthu, makiyi ali pa tebulo, chipewa chija achikhazika bwinobwino pa mpando wake. Akuti masiku ano akafuna kukwera minibasi ya ku Lusaka amazungulira kuseri, kuopa amayi a ku Kanakantapa ogulitsa tomato, poti onse meseji ija sanafufute.

Phunziro lake: Bwana, ukamachititsa manyazi wantchito amene wakuuza zoona, mawa adzakhala chete, ndipo manyaziwo udzawaona ndiwe pagulu. Mverani anthu anu, muwapatse ulemu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka mabwana aja mukuwadziwa. Ine sindinatchule munthu.