Onga wa m'chitini chopanda dzina

Panali munthu wina woweta nkhosa kuno kum'mawa kwa Montana, m'dziko la America, dzina lake Merle Tjaden. Amene anandiuza nkhaniyi ndi woyandikana naye munda, ndipo akuti zinachitikadi.

Merle anali atatopa ndi nkhandwe. Chaka chilichonse nkhosa zake zikangoswa, nkhandwe zinkabwera kudzatenga gawo lawo. Zinali zitachenjeranso. Zinkaima patali pomwe mfuti yake sinkafika, n'kumangomuyang'ana. M'mawa iye ndi mkazi wake Darlene ankatola zikopa ndi timiyendo ta anaankhosa.

Tsiku lina Merle anapita kwa Orville Brekke, mkulu wokonza mfuti wa ku Ekalaka, kukapempha kuti amusinthire mfuti iziwomba zipolopolo zofika kutali zimene sizigulitsidwa m'sitolo. Zoterozo munthu amadzipangira yekha. Amatenga chigoba chachikulu chamkuwa, n'kuchifinya kukamwa, n'kuthiramo onga woyeza pasikelo, kenako n'kutsekapo ndi kachipolopolo kakang'ono kaliwiro.

Orville anaigwira ntchitoyo. Pomupatsa mfutiyo anamukumbutsa kuti zipolopolozi palibe fakitale imene inaziyesapo, choncho ayambe ndi onga wochepa, aziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo asadzathire onga wa m'chitini chimene sanatsekule yekha.

"Ndiponso mnzanga," anatero, "chitsulo chotsekera ichi chikadzayamba kulimba potsekula, usiyire pomwepo. Ndiye kuti mfuti yakuuza kuti yakwana."

Merle anavomera ndi mutu, koma mtima unali kale kuphiri kumene kunkakhala nkhandwe.

Nyengo yozizira anayamba kuyesa monga anamuuzira. Zinamutopetsa. Kuyeza, kuwomba, kuyang'ana chigoba, kubwerera kunyumba, kuyezanso, manja atauma ndi kuzizira. Ali mkati motero anapita kumsika wa mfuti ku Miles City, ndipo kumeneko anakumana ndi bambo wina wolankhula mokoma amene ankagulitsira kumbuyo kwa galimoto. Merle atamufotokozera za mfuti yake, bamboyo anaseka.

"Achimwene, madala amenewo amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Mukamawamvera, nkhandwe zidzakumalizirani khola inu mukadali pasikelo. Dzazani chigobacho, chinapangidwira zimenezo."

Kenako anatulutsa chitini chachikulu chopanda dzina, n'kunena kuti ndi onga womwewo umene Merle amagwiritsa ntchito, kungoti pepala lake linamatuka. Mtengo wake unali wotsika kwambiri. Merle anagula.

Darlene atachiona chitinicho anafunsa kuti a Orville achiona kodi. Merle anayankha kuti si mwana iye woti azikapempha chilolezo pa chilichonse.

"Chabwino bambo," anatero Darlene. "Ine mphamvu zokangana ndilibe."

Merle anadzaza zigoba zija n'kukayesa kunja kukuzizira, pansi pali chipale chofewa. Mfuti inalira mwaukali kuposa kale, ndipo chipolopolo chinakafika pomwe ankafuna. Koma chotsekera chinakana kutseguka. Anachimenya ndi chikuni mpaka chinatseguka, n'kudziuza kuti ndi kuzizira chabe. Sanauze munthu.

Chipale chinasungunuka, nkhosa zinaswa, kunja kunayamba kutentha. Masana ena nkhandwe inatulukira pachitunda, kamwanakankhosa kali kukamwa. Merle anaitana Darlene kuti atenge magalasi oonera patali, ndipo anathamangira kugalimoto komwe zipolopolo zija zinakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Zinali zotentha m'manja. Onga ukatentha umakula mphamvu, ndipo iye ankadziwa zimenezi, koma nkhandwe inali itaima poyera.

Merle anagona chafufumimba. Darlene anagwada pambali pake, chakumanzere. Merle anawomba.

Mfuti inang'ambika ngati bango. Zidutswa za chitsulo ndi zamkuwa zinamulowa Merle kumaso, dzanja lake lamanzere linali magazi okhaokha. Darlene anagwa chagada atagwira khutu. Atadzuka anamumanga mwamuna wake dzanja ndi mpango, n'kumukwezera m'galimoto, n'kuyendetsa yekha mpaka kuchipatala, mutu ukulira. Akuti potuluka pageti anaiona nkhandwe ija ikutsika chitunda mosafulumira, katundu wake ali kukamwa.

Merle anataya diso lakumanja ndi zala ziwiri. Khutu lakumanja la Darlene silinamvenso.

Orville anatenga chitini chija n'kukhuthulira pang'ono papepala loyera. Munali onga wamitundumitundu, wina wa mfuti zazing'ono zam'manja umene umayaka mofulumira kwambiri, ngati kuti munthu anangosesa zotsalira n'kuthira pamodzi. Atapita kukamuona Merle, Orville sananene kuti "ndinakuuza." Anangokhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kufunsa kuti nkhosa akudyetsa ndani. Bambo wa kumsika uja anthu anamufunafuna, koma panalibe amene ankadziwa dzina lake ngakhale kwawo.

Chaka chisanathe Merle anagulitsa nkhosa zonse, poti Darlene yekha sakanazitha. Masiku ano akamapita kuchipatala amayendetsa ndi Darlene, Merle n'kukhala kumanja kwake, mbali ya khutu lakufa lija, poti kuno woyendetsa amakhala kumanzere. Woyandikana nawo munda uja anakwera nawo tsiku lina, ndipo anamumva Merle akunena chapansipansi kuti, "Mayi, ndinakulakwirani." Darlene anangoyang'anabe msewu. Sanamve.

Phunziro: Mlendo wokuuza zimene mtima wako ukufuna kumva sadzakhalapo tsiku la magazi. Mverani amene akuidziwa ntchito ngakhale malangizo ake akhale otopetsa, ndipo chinthu chikakuchenjezani koyamba musachimenye ndi chikuni. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo nthawi zambiri nkhwangwayo imakhudzanso amene wakhala naye pafupi. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka uja amene amati akudziwa kale.