Masamba Otsiriza a Buku la Kavalo

Supuni inali m'mwamba, phala likuzizira, pamene Eneless anatembenuza tsamba n'kupeza kuti buku latha. Kutha kwake sikunali kwabwino ayi. Kavalo anali atangoponda chitsulo m'mphepete mwa mtsinje, akutsimphina, mizinga ikulira kumbuyo, mwini wake atagwira chingwe. Kenako chikuto basi. Pakati panangotsala timizu ta masamba ong'ambidwa mokhotakhota.

Ba Hosea, mwamuna wake, anatseka pakamwa.

Panali patapita miyezi itatu chibwerereni kuchipatala. Sitiroko inawalanda mawu, mwendo ndi dzanja lamanja, n'kuwasiyira lamanzere lokha. Lero dzanjalo linali litakakamira pilo chiyambire m'mawa, moti ngakhale powapukuta thupi sanalole kuti isunthidwe. Chakudya ndiye ankachikana kuyambira kale. Anesi ananena mosapsatira kuti munthu wosadya mankhwala samugwira, ndipo sabata yoyamba ija Eneless anaona nthiti za mwamuna wake zikutuluka imodziimodzi.

Chimene chinawapulumutsa ndi bukuli. Anawapatsa ndi bwana wa ku Kabulonga kumene ankalondera pageti, ndipo ba Hosea analiwerenga mobwerezabwereza mpaka chikuto chinada ngati kunsi kwa poto. Analilemba mlimi wina wa kudziko lakutali, kusimba mmene anathawira nkhondo ndi kavalo wake. Eneless ankalimbana nacho Chingerezi chake cha giredi naini, mawu ena kumangowalumpha ngati zithaphwi za m'komboni yawo ya Kalingalinga, ndipo ba Hosea ankatsegula pakamwa. Tsamba limodzi, masupuni atatu. Mayiyu kavalo ankangomuonera patali apolisi atakwera, koma tsopano moyo wa mwamuna wake unali pamsana pa nyamayi.

Dzulo lake kunabwera Sophie, mkulu wake wa Eneless. Anaima pakhomo osatsitsa n'komwe mawu, ngati wodwala wafa ndi makutu omwe.

"Iwe ukali mwana. Bapeleke kumunzi kuli babululu bao. Ufuna ukafele pamozi na beve?" Ankanena zoti akawasiye ba Hosea kwa abale awo.

Eneless akanatha kuyankha kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Koma anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa, ndipo anangosiya buku pampando wa pafupi ndi bedi n'kuperekeza mlendo.

Tsono wang'amba masamba ndani? Funsolo silinachedwe kupeza mwini wake. M'mawa munalowa Cynthia wa khomo loyandikana, kudzapala moto. Cynthia ankagulitsa nshawa zokazinga zokulunga m'timapepala, ndipo pepala lililonse kwa iye linali chokulungira. Makope a ana ake anathera momwemo, kalendala ya tchalitchi sinafike n'komwe mwezi wa Juni.

Eneless anatuluka chitenje chikukwekwereza. Sanapereke moni. Anagwira beseni la Cynthia n'kulikhuthulira pansi, nagwada m'fumbi kumasula timapepala tija kamodzikamodzi, nshawa zili mbwee, nkhuku zikuchita phwando. Masamu a giredi faifi. Nyimbo za kwaya. Nkhope ya wosewera mpira yodulidwa pakati. Za kavalo panalibe.

"Ba Eneless, nalapa pali Mulungu, buku yanu sininaigwileko," analumbira Cynthia.

Amene anamva ndani? Eneless anali atatsimikiza kuti masambawo anagulitsidwa kale, ndipo pano akuuluka m'ngalande ina kapena mwana wina wapukutira mamina. Azimayi a pampopi anasiya zidebe kudzaonerera. Iye anadzuka, maondo ali mbuu, nabwerera m'nyumba wopanda kanthu.

Ba Hosea anali chigonere, maso ali kudenga, pakamwa pali tsekee. Eneless anayesa kubwereza masamba akale. Anayesa kuchonderera, anayesa kukalipa. Phala linayenderera pachibwano n'kugwera pabulangete.

Pamenepo anaganiza zonama. Ankadziwa kuti munthu amene anawerenga bukuli kakhumi sanganamizidwe, koma akanatani? Anatsegula pa chikuto chopanda kanthu, nayendetsa chala ngati akutsata mizere. Anati mlimi uja anavula malaya ake n'kumanga phazi la kavalo. Anati anasenza yekha katundu yense, nayenda pambali pa nyamayo pang'onopang'ono, anthu othawa anzake akumuseka kuti afera chiweto. Anati anawoloka mtsinje onse awiri, madzi ali m'khosi. Nkhondo inatha, kavalo sanathenso kulima, koma ankadya msipu kuseri kwa nyumba mpaka kukalamba, ndipo mwini wake sanamugulitse kapena kumupereka kwa munthu. Pofika apa mawu ake anali atasweka, chifukwa sankadziwanso ngati akunena za kavalo.

Anadikira kuti ba Hosea atembenukire kukhoma.

Misozi inatsika m'masaya mwawo n'kulowa m'makutu. Kenako, pang'onopang'ono, pakamwa panatseguka. Supuni yoyamba inalowa, yachiwiri, yachisanu. Eneless ankaseka uku akulira, mumtima akuyamika kuti matenda awaiwalitsa mathero enieni. Dzanja lamanzere lija linasiya pilo n'kufufuza mkono wake, naugwira zolimba.

Pilo inatsetsereka n'kugwa pansi. Pamene inali panaoneka masamba asanu ndi limodzi, okwinyika, onyowa ndi thukuta, ong'ambidwa mokhotakhota monga ang'ambira munthu wa dzanja limodzi.

Eneless anatola lomaliza n'kuwerenga chamumtima. Mlimi uja anamasula chingwe, namusiya kavalo wotsimphinayo pamtsinje. Anawoloka yekha, osacheuka.