Nkhope ya Wiza

"Agogo, mdzukulu wanu sanafikebe? Adokotala alendowa akunyamuka mawa, ndiye malo ake tipatsa ena."

Nesi wa pachipatala china ku Area 10 ankalankhula ndi ine, atawerama mwaulemu, fomu yanga ili m'manja. Pafomupo panalembedwa kuti Wiza, zaka 24. Mayi wina wa magalasi akuda, amene anabwera kudzachotsa timakwinya ta pachipumi, anali atanyamula kale chikwama kuti alowe.

Ndinaponya chiphaso changa patebulo mpaka chinagwera pansi.

"Wiza ndine. Werengani chaka chobadwa."

Nesi anachitola, n'kuyang'ana masaya anga amene anayamba kulendewera chifukwa cha matenda a khungu ndisanafike n'komwe Fomu 2. Mayi uja anabwerera pampando mwakachetechete.

M'kati, adokotala anandikhazika kutsogolo kwa galasi. Anakokera khungu langa kumakutu ndi zala ziwiri, ndipo m'galasimo munatulukira mtsikana amene sindinakumanepo naye. Anali ndi chibwano chonga cha mng'ono wanga. Mkwiyo wonse unathera pomwepo.

"Ndisakunamizeni," anatero adokotala. "Opaleshoni siichiza matendawa. Khungu lanu lilibe mphamvu yodzigwira, lidzagwanso."

"Pakatha nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina zaka zisanu, mwina osakwana. Ndipo zipsera zidzatsala."

Anafuna kuchotsa zala, koma ndinawagwira dzanja.

"Dikirani kaye, ndimuonetsetse."

Ndinamuyang'ana mpaka maso anayamba kulasa.

"Anzanga utsikana wawo anaupeza osapempha aliyense. Zisanuzo ndipatseni, adokotala. Cholembera chili kuti, ndisayine?"