Madzi Obiriwira a Bwana

Tinenenji anaima pakhonde la bwana wa esiteti, manja ali kumutu. Mabotolo onse anali mbee, atasanjidwa chozondoka padzuwa.

"Mwachita chiyani, apongozi?"

"Lero Lachisanu, mwanawe. Sabata litipeze ndi ndere m'mabotolo? Ndakuthandiza, ndatsuka onse," anatero aSalome, amene anabwera kudzacheza, akunyadira ngati apambana mpikisano wa kwaya.

Komatu ndere zimenezo ndiwo unali munda wake, inu! Tinenenji ankazilera ndi madzi amchere ndi dzuwa, n'kumadonthezera m'thanki yagalasi ya pabalaza kuti tinkhanu ndi tinkhono ta bwana tidye. Mbewu yake inachokera ku Joni, ndipo bwana popita kutchuthi anachita kumuloza chala: tizilomboti tikafa, ntchito yatha.

Mwamuna wa Tinenenji, aEverson a m'gadeni, anakhosomola. Anazembera kuseri kwa nthochi n'kubwerako ndi botolo lobiriwira bwinobwino, koma lotsala theka.

"Ndinangolisunga," anatero akuyang'ana zala zakumapazi.

"Theka linalo lili kuti?"

"Ndimaona mukuwasamala ngati khanda madziwa. Ndiye ndinkati ndi mankhwala a azungu, aja opatsa abambo mphamvu, n'kumamwako pang'onopang'ono."

Tinenenji analikumbatira botololo, misozi ili lengelenge. Supuni imodzi m'botolo lililonse, posachedwa onse abiriwiranso.

"Ambuye akudalitseni, bambo a Mwai, wakuba wanga wabwino!" Kenaka anawanong'oneza kuti apongozi asamve: "Koma za mphamvuzo mboni ndine, palibe chasintha. Zisiyireni nkhono."