Anapempha Mbewu, Analandira Makasu

Panali munthu wina ku Ulongwe, mphunzitsi wophunzira kumishoni, dzina lake Silvestro. Akuti izi zinachitika nkhondo yapachiweniweni isanathe, tauni itadzaza ndi anthu othawa ku Lifidzi ndi midzi yozungulira.

Bungwe lina lothandiza anthu linakonza semina, msonkhano woti othawawo anene okha zimene akusowa mvula isanagwe. Linatuma mayi Efigénia kuchokera ku Tete, ndipo mayiwo anasankha Silvestro kuti awathandize.

Tsiku lokonzekera, mayi Efigénia anatulutsa m'chikwama kamulu ka timapepala tachikasu. Anachotsapo kamodzi n'kukamata pachitseko. Kanakakamira. Anakamatula, chitseko osatsala ndi banga lililonse.

Silvestro anangoti kukamwa yasa. "Amayi, ulimbo wake uli pati? Nanga bwanji sukuuma?"

"Zimenezo sindidziwa," anayankha mayiwo. "Chimene ndidziwa n'chakuti ulimbowo ndi wochepa, ukagwira fumbi watha. Musasewere nato. Muzimata pathabwa losalala, osati pakhoma lanjereza. Ndipo munthu asalembe liwu limodzi lokha. Alembe ganizo lathunthu, kuti kapepalako ngakhale kagwe pansi kazidzinenera kokha."

M'mawa mwake mayi Efigénia anadzuka ndi malungo, nasiya ntchito yonse m'manja mwa Silvestro.

Koma Silvestro chidwi chinali chitamukulira kale. Popita kwawo dzulo lake anatenga kamulu kaja. Anakanunkhiza. Ananyambita kapepala kamodzi kuti amve ngati ndi utomoni wa mtengo. Anamata tina panjinga, tina pazenera, kena pachipumi cha mnzake kumsika, anthu n'kumaseka. Akatero ankatibwezera pakamulu paja ngati sanatikhudze.

Msonkhano unachitikira m'chipinda cha sukulu chopanda magalasi m'mazenera. Thabwa losalala linalipo kuseri, koma Silvestro anaona kuti khoma loyera ndiye litikongoletsa timapepalato. Analemba ndi khala kumanzere kuti ZIMENE TILI NAZO, kumanja ZIMENE TIKUSOWA.

Anthu anali ambiri, odziwa kulemba ochepa, ndipo mmodzi ankalembera anzake angapo. Silvestro ataona kuti zikuchedwa anaomba m'manja. "Tifulumire! Liwu limodzi basi, n'kukamata kumbali yake."

Khoma linachita chikasu. Dzuwa litafika pamutu anthu anatuluka kukadya pansi pa mitengo, iyenso anatuluka. Apo mphepo ya m'chilimwe inalowa pazenera.

Pobwerera anapeza khoma lili mbee, timapepala tonse tili pansi pa mabenchi. Anatola kamodzi: makasu. Kena: mbewu. Kena: nyemba. Kena: makasu. Koma kanali kumanzere ndi kati, kumanja ndi kati?

Anthu anali panja pomwepo, mawu awo akumveka. Manyazi anamugwira. Komanso koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, inali kunyamuka masana omwewo kupita ku Tete, ndipo yankho la msonkhano linayenera kupita nayo.

Anayamba kudziyankha yekha. "Munthu wa ku Lifidzi angasowe nyemba? Si kumene kumachokera nyemba zodyetsa Tete yense? Mbewu mayi aliyense amamanga pansalu pothawa. Koma khasu n'lolemera. Ndani anganyamule khasu mfuti zikulira?"

Choncho makasu anawaika pa zosowa, mbewu pa zimene ali nazo. Analembera papepala, anathamanga kukapereka kwa woyendetsa galimoto ya bungwe, nabwera kudzauza anthu kuti msonkhano watha bwino.

Mitambo itayamba kuchita bii, koluna inabweranso. Anthu anafola ndi matumba ndi mitanga. Atatsegula galimoto, munali makasu okhaokha, atsopano, onyezimira.

Mayi wina wa ku Lifidzi, a Rufina, anatola khasu limodzi, analitembenuza, nayang'ana Silvestro. "Aphunzitsi, mbewu ili m'galimoto iti?"

"Mbewu si muli nayo?"

"Tili nayo kuti? Nkhokwe anatiotchera. Yomanga pansalu ana anadya m'njira. Makasu ndiye tili nawo, poti nkhondo inatipeza kumunda, tinathawa ali m'manja. Ndinamata ndekha kumanzere."

Mayi Efigénia, amene anali atachira, anamufunsa pamaso pa onse chimene chinachitika. Silvestro anafotokoza za mphepo ija.

A Rufina sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Tinali patali bwanji ife? Si pansi pa mtengo apo? Mukanasuzumira pazenera n'kufuula, tikanabwera chakudya chili kukamwa."



Koluna ina sinali kubwera msanga, msewu unali woopsa. Amuna ndi amayi olimba mtima anamanga makasu aja m'mitolo, nadzera njira za m'mapiri kupita kumalire ku Kalomwe kukasinthanitsa ndi mbewu kwa anthu a ku Dedza. Silvestro anasenza nawo mtolo wake mpaka phewa kunyuka. Anabwerera mvula itagwa kale, mbewunso yochepa. Chaka chimenecho ambiri anadzala mochedwa, ndipo banja la a Rufina linakolola chimanga chimene chinatha dzinja lisanayandikire n'komwe.

Phunziro: Mukamagwiritsa ntchito timapepala tomata pamsonkhano, matani posalala, kalikonse kanene ganizo lathunthu, ndipo werengani mokweza eni ake asanabalalike. Pamene simukudziwa, funsani, musaganizire anthu zosowa zawo. Tumizirani nkhaniyi onse amene amatsogolera misonkhano, mwina ipulumutsa munda wa wina.